Mabakiteriya a m'matumbo ndi mtima wa bambo anga: msuweni akunena zoona?

Nambewe wa ku Chilomoni:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya bambo anga, ndikufuna nzeru. Ali ndi zaka 68. Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, akagona chagada ankabanika moti usiku ankachita kutsamira mapilo atatu. Atawaunika kuchipatala anati mtima wafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndipo gwero lake ndi BP yomwe anakhala nayo zaka zambiri osaisamala. Anawapatsa furosemide wokodzetsa, enalapril, spironolactone ndi kapilitsi kakang'ono ka digoxin. Miyendo inaphwa bwinobwino. Koma mwezi uno yatupanso, mimba yafufuma, akangodya mbamu zitatu za nsima akuti akhuta.

Ndiye dzulo kunabwera msuweni wanga amene amagulitsa zija za ma supplement. Akuti madokotala akulimbana ndi masamba pamene muzu wa nthenda ya mtima uli m'matumbo, mabakiteriya oipa ndi amene akuwononga mtima wa bambo. Watisiyira botolo la makapusozi a probiotic, omwe akuti muli mabakiteriya abwino, K85,000, akuti tidzalipire mwezi ukatha, ndipo bambo ayambe apumulira mankhwala okodzetsa aja kuti thupi lidzitsuke lokha. Anandionetsanso pa foni nkhani ya asayansi a ku America. Bambo akopeka, paja mankhwala okodzetsawo amadana nawo kale. Kodi zimenezi zili ndi mutu?

Amalume a ku Joni:
Msuweni ameneyo anaphunzira udokotala kapena anaphunzira bizinesi? Yambani mwayankha limenelo kkkk

Sisita wa ku Leeds:
Achemwali, zina zonse zidikire kaye. Bambo asasiye furosemide ngakhale tsiku limodzi dokotala asananene. Ndakhala mu wodi ya odwala mtima zaka zambiri, ndipo zimene mwafotokozazi, miyendo kutupanso, mimba kufufuma, kukhuta msanga, kawirikawiri zimatanthauza kuti madzi akuchulukanso m'thupi. Mupite nawo mawa lomwe, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lawo. Akayamba kubanika ali chikhalire, usiku womwe uno.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Ndamva Sisita, zikomo. Mawa m'mamawa tinyamuka. Koma bambo anga ndi mphunzitsi wopuma, kungowauza kuti msuweni akunama sangamve, amafuna mfundo. Nkhani ya matumboyi ndi bodza lenileni?

Wa Labu ku Cape Town:
Si bodza, ndipo pomwepo ndi pamene pali msampha. Msuweni wanu watola nkhani yoona n'kuimata pa botolo lake. Pepani ndilemba zazitali, iyi ndi ntchito yomwe ndimadyera.

M'thupi mwa munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni malinga ndi kuwerengera kwa Ron Milo ndi anzake mu 2016, ndipo ochuluka ali m'thumbo lalikulu. Onse pamodzi amalemera magalamu 200 okha. Amadya zimene ife tadya, ndipo zimene iwo amatulutsa zina zimalowa m'magazi athu.

Nkhani yomwe anakuonetsani pa foni ndikukhulupirira ndi ya TMAO. Mu 2011 gulu la Stanley Hazen ku Cleveland Clinic linasonyeza kuti mabakiteriya ena akakumana ndi choline, yemwe ali wambiri mu yolk ya dzira ndi m'chiwindi cha nyama, amapanga chinthu chotchedwa TMA. TMA ndiye fungo lija la nsomba yoola. Akalowa m'magazi, chiwindi chathu chimamusandutsa TMAO. Mu 2013 anapezanso kuti carnitine wa mu nyama yofiira amayenda njira yomweyo. Chaka chomwecho anadyetsa anthu mazira awiri owiritsa, TMAO anakwera. Atawamwetsa ma antibiotic n'kuwadyetsanso mazira, sanakwere. Apa ndi pamene zinatsimikizika kuti opanga ake ndi mabakiteriya.

Kenako mu 2014 Wilson Tang, wa gulu lomwelo, anatsatira odwala 720 a mtima wofooka kwa zaka 5. Amene anali ndi TMAO wochuluka kwambiri, chiopsezo chawo cha imfa chinali chowirikiza katatu ndi kupitirira pang'ono poyerekeza ndi amene anali ndi wochepa kwambiri.

Amalume a ku Joni:
Eeee ndiye msuweni wawina bwanji

Wa Labu ku Cape Town:
Dekhani amalume. TMAO amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Mtima ukafooka, impso nazo zimafooka chifukwa magazi sakufika mokwanira, ndiye TMAO amaunjikana. Funso lomwe anthu akukanganabe ndi lakuti kodi TMAO ndi moto umene ukuotcha nyumba kapena ndi utsi chabe wosonyeza kuti kwinakwake kukuyaka. Pa mbewa za mu labu, zitadyetsedwa TMAO, mtima wodwala unaipiraipira, ndiye n'kutheka kuti ali ndi mbali yake. Koma pa anthu palibe amene wasonyeza kuti ukatsitsa TMAO wodwala mtima amachira kapena amakhala zaka zambiri.

Amalume a ku Joni:
Mbewa zimenezo mukamaliza nazo mumatani? Ndikufunsira mnzanga wa ku Dedza

Admin:
Amalume, anthu akudwala kuno.

Sisita wa ku Leeds:
Ndiwonjezere pa zimene a Labu anena, chifukwa pali mbali yomwe ogulitsa mabotolo saitchula, ndipo ndi yomwe ikukhudza bambo anu lero. Njirayi imayendanso chobwerera: mtima umadwalitsa matumbo.

Madzi amene mukuwaona m'miyendo sali m'miyendo mokha. Mtima ukamalephera kukoka magazi obwerera, amadikha m'mitsempha ya m'mimba, chiwindi chimatupa, khoma la matumbo nalo limatupa ngati siponji yonyowa. Komanso thupi likaona kuti magazi achepa mphamvu limayamba lapatsa ubongo ndi mtima, matumbo amalandira zotsala. N'chifukwa chake bambo akukhuta ndi mbamu zitatu.

Khoma lotupalo limayamba kudontha. Mu 1999 Josef Niebauer ndi Stefan Anker ku London anayeza magazi a odwala mtima n'kupeza kuti amene anali otupa anali ndi endotoxin wambiri, amene ndi tizidutswa ta khungu la mabakiteriya a m'matumbo. Tikalowa m'magazi timautsa chitetezo cha thupi, ndipo chipwirikiti chimenecho chimalemetsanso mtima. Tsono mvetserani apa. Odwala otupawo atapatsidwa mankhwala okodzetsa, endotoxin uja anatsika. Mu 2007 Anja Sandek ku Berlin anaonanso kuti khoma la matumbo a odwala mtima ndi lochindikala, lodutsa zinthu mosavuta, ndipo mabakiteriya omatirira pamenepo ndi ochuluka.

Ndiye muwauze aphunzitsi kuti ngati akufunadi kusamala matumbo awo, mankhwala amene anaonetsa kale kuti amathandiza ndi omwewo amene msuweni akuti awasiye.

China chomwe timaona tsiku ndi tsiku mu wodi: matumbo akatupa kwambiri, ngakhale piritsi la furosemide silimalowa bwino m'magazi. Munthu amamwa koma osakodza mokwanira. Pamenepo timabaya jakisoni masiku angapo mpaka madzi ataphwa, kenako n'kubwerera ku mapiritsi. Musadabwe akakawagoneka.

Mayi Wellness:
Ine ndaziwerenga zonsezi koma ndikuona kuti a chipatala mumangodana ndi zachilengedwe. Mwavomereza nokha kuti mabakiteriya a m'matumbo amakhudza mtima. Nanga cholakwika n'chiyani munthu akamwa mabakiteriya abwino? Ine ndili ndi makasitomala amene miyendo inaphwa atamwa ma product athu. Sindikunena kuti asiye mankhwala, koma musatinyoze.

Namadzi Boy:
Makasitomala anuwo anali atasiya mankhwala akuchipatala kapena ankamwa zonse pamodzi?

Mayi Wellness:
Ena ankamwa zonse.

Namadzi Boy:
Basi ndangofunsa.

Wa Labu ku Cape Town:
Mayi, funso lanu ndi labwino ndipo linayesedwa kale. Madokotala a ku Norway anachita kafukufuku wotchedwa GutHeart, zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anatenga odwala mtima wofooka pafupifupi 150 n'kuwagawa patatu mwa maere. Ena anapatsidwa probiotic wotchedwa Saccharomyces boulardii, ena antibiotic wa m'matumbo wotchedwa rifaximin, ena anangopitiriza mankhwala awo a nthawi zonse. Patatha miyezi itatu, kapopedwe ka mtima sikanasiyane m'magulu atatuwo. TMAO sanasinthe. Anthu amenewa ankafunitsitsa kuti zitheke, ndi amene akhala akulimbikira nkhani ya matumbo ndi mtima, koma analemba zimene anapeza.

Komanso mawu akuti mabakiteriya abwino amanyenga. M'matumbo muli mitundu mazanamazana. Botolo limakhala ndi mitundu iwiri kapena khumi, yosankhidwa chifukwa ndi yosavuta kuweta m'fakitale, ndipo ambiri amangodutsa osakhazikika. Amene amapezeka kuti achepa mwa odwala mtima ndi aja opanga butyrate, chakudya cha khoma la matumbo, monga Faecalibacterium, omwe amafa akangokhudzana ndi mpweya. Amenewo simungawapeze m'chikwama cha munthu woyenda padzuwa la ku Limbe. Sayansi yake ilipo ndipo ikukula, koma ogulitsa agula mbereko mwana asanabadwe.

Wa Famase ku Area 25:
Ndalowa mochedwa. Ine diso langa lagwera pa digoxin ndi spironolactone.

Ngati mukufuna umboni wogwirika wakuti mabakiteriya a m'matumbo amalowerera pa chithandizo cha mtima, ndi digoxin. Mu 1981 John Lindenbaum ku New York anapeza kuti mwa odwala pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse, mabakiteriya amaphwanya gawo lalikulu la digoxin asanagwire ntchito. Wochita zimenezi dzina lake ndi Eggerthella lenta, ndipo mu 2013 gulu la Peter Turnbaugh ku Harvard linapeza mmene amachitira. Munthu wotere akamwa antibiotic ngati erythromycin, mabakiteriya aja amafa, digoxin m'magazi n'kukwera mwadzidzidzi. Digoxin ndi mankhwala oti mlingo wochiza ndi mlingo wopweteka ndi oyandikana kwambiri. Zizindikiro zakuti wachuluka ndi nseru, kusanza, kusafuna chakudya, mtima kugunda mosokonekera, ena amaona zinthu zachikasu. Mwati bambo sakudya, ndiye mawa mukatchule zimenezi kwa dokotala, ndipo mukapemphe ayeze impso ndi potassium wa m'magazi.

Chachiwiri, Bactrim. Kwathu kuno munthu akangotsegula m'mimba kapena kutsokomola amathamangira kugolosale kukagula Bactrim ngati maswiti. Kwa munthu amene akumwa spironolactone ndi enalapril, Bactrim amatha kukweza potassium mpaka kuimitsa mtima. Amene amalandira Bactrim kuchipatala tsiku ndi tsiku asasiye, koma dokotala wa mtima adziwe. Ndikunena izi chifukwa wina akawerenga kuti ma antibiotic anatsitsa TMAO angaganize zotsuka m'mimba ndi makapusozi. Musayerekeze.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Mayo ine. Masabata awiri apitawo anatsegula m'mimba ndipo amayi anawagulira mapiritsi oyera kugolosale. Sindinafunse dzina. Ndikafufuza pepala lake.

Wa Famase ku Area 25:
Mukalipeza mulitengere kuchipatala, pamodzi ndi botolo la msuweni.

Aphunzitsi a ku Chipata:
Ana anga, ine ndili ndi zaka 71 ndipo ndamvetsera mwachidwi. Funso langa ndi la kumudzi. Makolo athu sankadziwa probiotic, koma ankadya mgaiwa, nyemba, khobwe, nandolo, chisoso, bonongwe, n'kumwera thobwa. Ife tinapita kusukulu tinayamba kunyoza zimenezi, tikufuna ufa woyera mbee, wokonola, wovuula, woanika mpaka gaga yense atapita ku nkhumba. Kodi mabakiteriya mukunenawa sitinawathamangitse tokha?

Wa Labu ku Cape Town:
Bambo, mwalasa. Ndipo Malawi ali m'nkhani imeneyi. Mu 2012 gulu la Jeffrey Gordon la ku St. Louis linayerekeza chimbudzi cha anthu a m'midzi ya kumwera kwa Malawi, anthu a ku Amazon ya ku Venezuela ndi anthu a m'mizinda ya ku America. Akuluakulu a ku America ndi amene anapezeka ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya. A ku Malawi anali ndi mitundu yambiri, makamaka odziwa kugaya zomera. Kafukufukuyo sanayeze mtima wa munthu aliyense, ndiye tisamukokere kumene sanafike, koma akusonyeza kuti mphika umasintha anthu okhala m'matumbo.

Ndipo amasintha msanga. Mu 2015 Stephen O'Keefe anasinthanitsa zakudya za anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ndi anthu 20 a kumudzi ku KwaZulu-Natal. M'masabata awiri okha, a ku America amene ankadya phala la chimanga ndi nyemba anayamba kupanga butyrate wochuluka, a kumudzi amene anapatsidwa nyama ndi zamafuta wawo anatsika.

Chimachitika n'chakuti gaga, makoko a nyemba ndi mitsitsi ya masamba ife sitigaya. Zimafika m'thumbo lalikulu, mabakiteriya amazifufumitsa n'kupanga acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate ndi chakudya cha khoma la matumbo lija Sisita amati limadontha. Francine Marques ku Melbourne anaonetsa mu 2017 kuti mbewa za BP zitadyetsedwa faiba wambiri kapena acetate, BP inatsika ndipo mtima sunakule n'kuuma ngati wa zinzake. Mu 2023 gulu lake linayesa pa anthu 20 a BP, powapatsa sitachi yapadera ya chimanga yomatidwa acetate ndi butyrate kwa masabata atatu, ndipo nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi 6. Anthu 20 ndi ochepa, ndipo anali a BP osati a mtima wofooka kale. Komabe mwa zonse takambiranazi, mbali iyi ndi imene ine ndimaikhulupirira kwambiri, ndipo siifuna K85,000.

Aphunzitsi a ku Chipata:
Ndikawerengera mayi a kunyumba, amati mgaiwa umawachititsa manyazi alendo akabwera.

Nachisale:
Ine ndasokonezeka pa mazira ndi nsomba. Mwati TMA ndi fungo la nsomba. Ndiye usipa tisiye? Mazira tisiye? Tidya chiyani abale

Wa Labu ku Cape Town:
Musasiye. Nsomba za m'nyanja ya mchere, ngati carapau, zimakhala ndi TMAO wopangidwa kale, ndipo munthu akadya amakwera kuposa atadya nyama kapena mazira. Chonsecho odya nsomba kawirikawiri ndi amene mitima yawo imakhala bwino. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ambiri amakayikira kuti TMAO ndiye mfiti yeniyeni. Nsomba za m'madzi opanda mchere ngati zathuzi nthawi zambiri zimakhala ndi wochepa.

Sisita wa ku Leeds:
Ndipo kwa bambo a Nambewe, chonde musawalande dzira. Odwala mtima wofooka ambiri amaonda minofu pamene madzi akuwabisa, mukadzawaphwetsa ndi pamene mumaona kuti munthu watha. Munthu amene akudya mbamu zitatu akufunika chakudya chomanga thupi. Muziwapatsa pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Nyemba muyambe ndi zochepa zophikidwa mpaka kufewa, chifukwa mimba yofufuma kale mpweya umaisautsa.

Mdani amene ali m'khitchini mwanu ndi mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika womwe. Bakayawo, ma cube okometsera ndiwo, soseji, polony, tchipisi ta pachiwaya, ngakhale soda wothira mu therere, zonsezo ndi sodium, ndipo sodium amakoka madzi. Chidulo nacho musathamangire, phulusa lili ndi potassium wambiri, ndipo a Famase anena kale za spironolactone. Chimodzimodzi mchere uja amaugulitsa kuti ndi wa odwala BP.

Wa Labu ku Cape Town:
Mchere umafikanso kwa mabakiteriya. Mu 2017 ofufuza a ku Berlin anawonjezera mchere pa chakudya cha anthu 12 kwa masabata awiri, ndipo Lactobacillus, yemweyo amene amadzaza mabotolo a probiotic, anachepa m'matumbo mwawo. Kumwa kapusozi uku ukudya bakayawo n'kutunga madzi ndi dengu.

Clinical Officer Wakumudzi:
Nkhani yokoma, koma ndiloleni ndiponye mwala umodzi. Kafukufuku wa TMAO wambiri anachitika pa azungu okalamba, odya nyama tsiku lililonse, amene mitsempha ya mtima inatsekeka ndi mafuta. Odwala athu ndi ena. Mu 2012 Albertino Damasceno wa ku Maputo ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa THESUS-HF, odwala 1,006 m'mayiko 9 a kuno ku Africa. Zaka zawo pakatikati zinali 52 zokha. Pafupifupi 45 peresenti gwero linali BP, 14 peresenti nthenda ya mavalavu, tizitseko ta mu mtima, yoyamba chifukwa cha zilonda zapakhosi, ndipo mitsempha yotsekeka sinafike ndi 10 peresenti yomwe.

Ndiye ngati tikukamba za bakiteriya amene akupha mitima kwathu kuno, woyamba sali m'matumbo, ali pakhosi. Mwana amadwala zilonda zapakhosi za bakiteriya wotchedwa streptococcus, osalandira penicillin, chitetezo cha thupi n'kuyamba kuluma mavalavu a mtima wake womwe. Amabwera kwa ine ali ndi zaka 15 kapena ali ndi pakati poyamba, miyendo ili ndi madzi ngati ya agogo. Amene apezeka msanga timawabaya benzathine penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Za matumbo tiziwerenga, koma mwana akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, bwerani naye. Ndipo kayezetseni BP, nonse muli panonu, kuphatikizapo amalume a ku Joni.

Amalume a ku Joni:
Ine BP yanga imakwera ndikaona mtengo wa basi yobwerera kumudzi basi

Mayi Wellness:
Chabwino, koma yogati ndi chambiko ndiye mukuti bwanji? Nazonso ndi bodza?

Sisita wa ku Leeds:
Ayi mayi, chimenecho ndi chakudya, adye ngati amachikonda, bola mkaka wake ukhale wowiritsa. Thobwa nalonso, kungoti ngati adokotala anawaikira malire a zakumwa pa tsiku, thobwa ndi tiyi ziwerengedwe momwemo. Chimene ndikukana ine ndi kuuza munthu wotupa kuti asiye furosemide.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Abale, ndabweranso patatha masiku anayi. Anawagoneka. Sikelo inaonetsa kuti anawonjezera makilo 5 kuchokera mwezi watha, onsewo madzi. Awabaya jakisoni masiku atatu, miyendo yayamba kuoneka akakolo, dzulo anamaliza mbale ya phala n'kufunsa ngati kuli nthochi. Mapiritsi a kugolosale aja analidi Bactrim, potassium anali atakwera, ndiye spironolactone ayamba awaimitsa kaye mpaka adzayezenso sabata yamawa.

Chinanso chinatulukira pamaso pa dokotala. Bambo anaulula kuti mwezi wathawu kunali maliro awiri ndi msonkhano wa kumpingo, ndipo masiku oterowo samamwa furosemide poopa kumangodzuka pakati pa anthu. Ena onse tinali osadziwa. Dokotala sanawakalipire, anangowauza kuti tsiku la ulendo akhoza kumwa akabwerako masana m'malo modumphiratu.

Botolo ndabweza. Msuweni wakwiya, akuti ndamuchititsa manyazi kwa upline wake, amene anamulowetsa mu bizinesiyo.

Sisita wa ku Leeds:
Ndasangalala kwambiri achemwali. Mugule sikelo, aziyeza m'mawa uliwonse akangokodza, asanadye, n'kulemba m'kope. Akawonjezera makilo awiri m'masiku atatu, musadikire miyendo.

Aphunzitsi a ku Chipata:
Nanga za mgaiwa mnzangayo wati bwanji?

Nambewe wa ku Chilomoni:
Akana. Akuti anadya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zaka zinayi ku boarding ndipo ngongole imeneyo anamaliza kubweza. Ndawawerengera zonse zimene a Labu analemba, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti mbewa za ku Melbourne zinafunsidwa maganizo kapena ayi. Amayi ati azisakaniza theka mgaiwa theka woyera osawauza.

Aphunzitsi a ku Chipata:
Adziwa pa mbamu yoyamba. Muwauze amayi ayambe ndi chikho chimodzi pa zinayi.